Tsiku Limene a Simbi Anakhala pa Benchi

A Simbi amasita zovala m'shopu yochapira ija ili pakati pa malo ometera ndi sitolo ya zitsulo. Dzina lenileni ali nalo, koma limagwira ntchito kuchipatala kokha, poti n'lomwe lili pa khadi. Kwina konse ndi a Simbi basi. Aima pa tebulo lositira limenelo zaka makumi awiri ndi zitatu, moti simenti inaperepeseka pomwe amaponda. Malaya amayamba ndi kolala, kenako mapewa, manja, kumsana, n'kumalizira kutsogolo kuli mabatani. Mukawauza kuti kwanu mumayamba ndi manja, amakuyang'anani ngati mwanena kuti mumasamba mutavala nsapato.

Ntchito imeneyi si ya manja monga ambiri amaganizira. Dzanja limangowongolera, koma mphamvu yokanikizira simbi imachokera m'chiuno ndi m'miyendo, ndipo munthu sangasite bwino atakhala pansi. Mudziwiretu zimenezi, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa bondo limodzi, lakumanja.

Loweruka shopu imatsekedwa masana. A Simbi amazimitsa simbi, amakulunga chingwe chake, n'kunyamula kachikwama kobiriwira momwe muli nsapato za labala. Ulendo wa ku holo ya masewera ya pasukulu ya sekondale, komwe akuluakulu amaloledwa kumenya mpira wamiyendo ana akachoka. Holoyo pansi pake ndi matabwa osalala, ojambulidwa mizere yofiira, yachikasu ndi yoyera yopingasana mosokoneza mutu. Ya mpira ndi yoyerayo. Mumanunkha polishi ndi masokosi. Mazenera ali m'mwamba kwambiri, otchingidwa ndi waya, ndipo m'mbali mwa khoma muli mabenchi awiri aatali.

Woyang'anira holo, amenenso amaimbira mpirawo, ndi mdala wina wowonda yemwe onse amati a Makiyi. Malamulo a m'holomo aliyense amawadziwa pamtima, ngakhale palibe amene amakumbuka tsiku lomwe anawawerenga. Nsapato zosiya mizere yakuda pa thabwa zimathera pakhomo, ndipo a Makiyi amachita kukuuza utukule phazi aone kunsi kwake. Kudzigwetsa n'kutsetsereka pofuna kulanda mpira n'koletsedwa, ukatero umakakhala kunja mphindi ziwiri. Mpira ukagunda kudenga ndi wa adani. Ukatuluka suponyedwa ndi manja, umaikidwa pa mzere n'kumenyedwa. Ofusayidi kulibe, zomwe zimawakomera kwambiri a mimba zikuluzikulu. Timu imakhala ya anthu asanu kuwerengera ndi goloboyi, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo mwa asanuwo awiri akhale akazi.

Lamulo lomalizali ndi lomwe linawatulutsa a Simbi m'nyumba zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Amuna awo, omwe anali opaka penti, anafika tsiku lina akumwetulira kumwetulira kuja kwa munthu wofuna kupempha kanthu.

"Mayi a mwana, tapanga timu ndi anzanga. Koma akuti popanda akazi awiri m'bwalo timu sisewera, amangokulembani kuti mwagonja ndipo nthawi yanu amapatsa ena. Mmodzi tamupeza, ndi namwino uja amabaya jakisoni osapweteka. Wachiwiri ndiwe."

"Ine? Mpira ndinaumenyapo liti ine?"

"Udzangoima pakona. Loweruka limodzi lokha, tikamafunafuna wina."

Winayo sanapezeke mpaka lero. Ndipo kuima pakona a Simbi sanaime. Munthu woti sabata yonse wakhala ali chilili pamalo amodzi, atangomva mpira wagunda phazi lake, thupi lonse linadzuka. Kupusitsa anthu ndi mpira sanaphunzire, kumwetsa zigoli anasiyira ena, koma anali ndi mphatso yoima pomwe mnzawo akufuna kudutsa. Anyamata othamanga a matimu ena ankafika pa a Simbi n'kuyamba kuganiza kawiri.

Tsono taonani mmene lamulo lokomera akazi linawatembenukira akazi omwewo. Amuna m'timumo alipo asanu ndi awiri. Mmodzi ndi goloboyi, wogulitsa nyama wotchedwa a Chiwindi, yemwe sayenda n'kale. Otsala asanu ndi mmodziwo amagawana malo awiri. Aliyense amathamanga mphindi zitatu kapena zinayi, n'kukweza dzanja, n'kupita pa benchi kukamwa madzi, kupukuta thukuta ndi kulangiza anzake mokuwa. Akazi alipo awiri, malo awo ndi awiri, ndiye wowalowera m'malo achokera kuti? A Simbi ndi Namwino ankathamanga mphindi makumi awiri za chigawo choyamba, kumwa madzi chilili, n'kuthamanganso makumi awiri ena. Amunawo sikuti anali oipa mtima. Anangozolowera, ndipo ankachita kunyadira. "A Simbi satopa," ankatero akusenda lalanje.

Namwino ali woyembekezera, timu inachita kubwereka akazi awo a Chiwindi, omwe anaima pakona miyezi isanu ndi iwiri chikwama chili pamkono. Mpira ukabwera ankangoti "Mayo!" n'kutembenukira kukhoma. A Simbi miyezi imeneyo anathamangira anthu awiri, ndipo sanadandaule.

Zaka zinayi zapitazo amuna awo anamwalira. Anadwala miyezi iwiri yokha. A Simbi anangokhala wa kuntchito ndi kunyumba, kulankhula pang'ono, kudya mokakamiza. Patapita nthawi mlamu wawo, mng'ono wa malemu, wokonza mipope ya madzi yemwe dzina lake linasanduka a Mipope, anabwera kunyumba ndi Namwino. Anakhala pampando chipewa chili pabondo.

"Alamu, popanda inu timu ya achimwene yatha. A Makiyi atisungira nthawi yathu, koma sangasunge mpaka kalekale."

A Simbi anapita, ngakhale mtima sunkafuna. Tsiku limenelo a Chiwindi anawerama kuti agwire mpira wofooka kwambiri, mpirawo n'kudutsa pakati pa miyendo yawo pang'onopang'ono, iwo akuusuzumira chazondoka mpaka unalowa. A Simbi anaseka mpaka misozi, koyamba chiikireni maliro. Kuyambira pamenepo timuyo sinalinso masewera chabe kwa iwo. Makoma omwe malemu anapaka, eni ake anali atapakanso penti ina. Chinthu chokhacho chomwe bamboyo anasiya chikuyenda chinali timu imeneyi, ndipo a Simbi ankaona kuti ikuyendera miyendo yawo.

Bondo linayamba chaka chatha. Poyamba linkangodandaula Lamlungu m'mawa. Kenako linayamba kutupa, n'kumafika Lachiwiri lisanaphwe. A Simbi anaphunzira kusita atatsamira mwendo wakumanzere, zomwe zinawabweretsera msana. Lolemba lina, ali pakati pa malaya oyera a kasitomala, bondo linawabaya mwadzidzidzi. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, atatsinzina, akukukuta mano. Potsegula maso anapeza simbi yadzijambula yonse pa kolala, kofiirira, kukufuka utsi. M'zaka zonsezo anali asanawotchepo ngakhale kampango.

Mwini shopu sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangopita kuseri, n'kubwerako ndi mpando wautali wopanda chotsamira, n'kuuika pambali pa tebulo osanena kanthu. A Simbi anauyang'ana mpandowo ndipo mantha anawagwira, chifukwa amadziwa kuti wosita akayamba kupatsidwa mpando, chotsatira chake n'kumuthokoza chifukwa cha zaka zonse zomwe wagwira.

Dokotala anapinda mwendo, anauwongola, anadina apa ndi apo.

"Mayi, mpira sindikukuletsani. Kuthamanga pang'ono n'kwabwino. Mphindi khumi, mukhale pansi, mupume, kenako mwina zina zisanu. Koma mukapitiriza makumi anayi pa thabwa louma osapuma, chaka chamawa nthawi ngati ino simudzatha kuima pantchito."

"Kwathu kulibe kupuma, adokotala."

"Kulibe kupuma bwanji? Ndi mpira wanji umenewo?"

"Wa malamulo."

Dokotala anangopukusa mutu n'kulemba mankhwala opaka. A Simbi anatuluka akudziwa bwino lomwe pomwe aima. Akapitiriza kusewera, ataya ntchito yomwe imawadyetsa. Akasiya, akazi atsala mmodzi, ndipo timu ya malemu ifera m'manja mwawo.

Anayamba kufunafuna mkazi wina mwakachetechete. Kasitomala wamkazi aliyense wooneka wolimba miyendo ankamufunsa, uku akumupatsira zovala, ngati amakonda mpira. Ambiri ankangoseka. Mmodzi anavomera, koma atamva kuti ndi Loweruka lililonse anati akafunse kaye kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo zovala amatuma mwamuna wake. Atasowa pogwira anapita kwa mwana wawo wamkazi, yemwe amagulitsa m'sitolo ya mankhwala.

"Amayi, Loweruka ndimaweruka madzulo, mukudziwa. Ndipo ngakhale ndikanamaweruka masana, ine ndizikathamangitsana ndi abambo aang'ono ndi mimba yawo ija? Ingowauzani kuti bondo langa lakana. Si tchimo."

"Ukulankhula ngati n'zophweka."

"N'zophweka, amayi. Ndi mawu atatu."

Mawu atatuwo anawayeserera sabata yonse pa malaya a anthu. Pa kolala ankati, alamu ndakalamba. Pa mapewa ankasintha, alamu adokotala akuti. Pofika pa mabatani anali atawafafaniza onse. Masabata atatu otsatizana ananyamula mawuwo kupita nawo ku holo, n'kubwerera nawo kunyumba osawatula. Akangoona a Mipope akupopa mpira ndi pampu yomwe malemu anagula, lilime linkalemera. Bondo ankalimanga bandeji m'chimbudzi cha kushopu, n'kuvala thalauza lalitali, ndipo pofika ankayesetsa kusatsimphina pamaso pa Namwino.

Loweruka la sabata yachinayi anadzuka atatsimikiza. Asewera komaliza, ndipo mpira ukatha anena, zivute zitani. M'basi anakhala pawindo akuyang'ana kunja osaona kanthu.

Adani a tsikulo anali achilendo. Zaka zonsezi timu ya a Simbi inkangosewera ndi matimu awiri, ya aphunzitsi ndi ya ogwira ntchito ku positi, ndipo onsewo ali ndi akazi anayi kapena asanu osinthana mmene afunira. Tsikuli a ku positi anali ndi ukwati wa mnzawo, ndiye a Makiyi anaitana ophika buledi a kuseri kwa msika, anthu a mapewa otambalala ndi nsidze zotuwa ndi ufa. Akazi anabwera nawo awiri okha. A Simbi atawawerenga anawamvera chisoni ngati abale awo.

Mpira unayamba bwino. A Simbi anatchinga kawiri, bondo likuwalankhula koma mwaulemu. Zitatha mphindi zisanu ndi zitatu, mmodzi wa akazi a buledi aja, wamfupi wojintcha, anakweza dzanja, anayenda mosapupuluma kupita pa benchi yawo, anakhala, n'kuyamba kumwa madzi. M'malo mwake simunalowe munthu. Ophika buledi anangopitiriza kusewera ali anayi, ngati palibe chachitika.

A Mipope anaima chilili pakati pa bwalo.

"Oyimbira! Atsala ndi mkazi mmodzi! Agonja amenewa!"

"Sewerani, bambo," anatero a Makiyi, wezulo ali lende pachifuwa.

"Tisewere bwanji? Nanga lamulo?"

A Chiwindi anatola mpira n'kuukumbatira, mwina pokondwa kuti apumako ku mantha. Masewera anaima. Mayi wa buledi uja anatsitsa botolo n'kuyankha ali pa benchi pomwepo.

"Tikupuma ife, achimwene. Takanda ufa kuyambira m'mawa. Kapena kuno kupuma n'koletsedwa?"

A Makiyi sanakangane ndi munthu. Anangokodola onse n'kuwatsogolera pafupi ndi chitseko, pambali pa chozimitsira moto, pomwe papachikidwa pepala lofiirira ndi ukalamba m'kafelemu ka galasi. Aliyense amadutsa pamenepo polowa ndi potuluka. Mdalayo anavala magalasi, anaika chala pa mzere woyamba, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono kudutsa za nsapato, za kudenga, za akazi awiri. Pansi pa mzere umenewo panali wina wa zilembo zomwezo, ndipo anauwerenga mokweza ngati ali m'kalasi.

"Mkazi akafuna kupuma koma palibe mkazi wina wolowa m'malo mwake, timu isewere ndi anthu anayi. Mwamuna asalowe pa malo a mkazi. Timu imagonja pokhapokha ngati m'bwalo mulibe mkazi ndi mmodzi yemwe."

A Mipope anayandikira n'kusuzumira pepalalo.

"Zalembedwa liti zimenezi?" anafunsa a Mipope.

"Pepalali ndi lakale kuposa timu yanu."

"Nanga bwanji simunatiuze zaka zonsezi?"

"Munandifunsa? Ine ndimaona amayi awiriwa sakhala pansi, ndimangoti n'kukonda mpira. Ndimachita kuwatchula kwa ana asukulu aulesi kuti atengere chitsanzo."

A Mipope anakanda mutu. "Achimwene ndi amene anatiuza lamuloli." Kenako anapitiriza chapansipansi. "Komatu achimwene aja pepala sankalifikitsa pansi. Ngakhale zolemba za pa chitini cha penti ankawerenga mzere woyamba, basi ayamba kutakasa."

Choyamba kuwafikira a Simbi chinali mkwiyo, ndipo unali wotentha. Anakwiyira malemu, omwe sakanatha kuwayankha. Anadzikwiyira okha koposa. Iwo amene saika simbi pa chovala asanawerenge kansalu ka m'kolala, anadutsa pa pepala limeneli maulendo oposa chikwi, polowa ndi potuluka, osaimapo ngakhale kamodzi. Koma mkwiyowo sunakhalitse. Unangosungunuka, ndipo m'malo mwake anamva chifuwa chikumasuka, ngati munthu wamasula lamba wothina atafika kunyumba. Timu sikutha. Ntchito sikutha. Palibe chofunika kusankha. Anapuma mpweya wautali womwe anali atausunga mwezi wathunthu.

"Alamu," anatero, "ine ndikukakhala pansi."

"Mwavulala?"

"Bondo langa lakana. Linakana kalekale. Adokotala akuti mphindi khumi basi, apo ayi ntchito ndisiya."

Mawuwo anatuluka mosavuta, moti iwo eni anadabwa. Palibe anakomoka, denga silinagwe. Namwino anayandikira akupukuta nkhope ndi malaya ake, n'kuwanong'oneza.

"Ndinaona kale, amayi. Ndipo bandeji mumabisayo mumaimanga molakwika, mumathinitsa kunsi."

"Iwe mwana iwe! Nanga osanena?"

"Ndimaopa kuti ndikanena musiya, timu itha. Inenso ndimafika kuno nditaima maola khumi ndi awiri mu wodi, miyendo ili ngati ya eni. Kangapo konse ndafuna kusiya, koma ndikakuonani inu akuluakulu mukuthamanga, manyazi amandigwira."

Anayang'anana, kenako kuseka kunawaphulikira onse awiri nthawi imodzi, atagwirana mapewa, amuna akuwayang'ana osadziwa choseketsa.

"Pitani kaye inu," anatero Namwino. "Mukakhuta mubwere, nanenso ndikalawe."

A Simbi anayenda kupita pa benchi akutsimphina poyera, poti panalibenso chobisa. Amuna anayi omwe anali pamenepo anasuntha mopupuluma. Wina anapukuta thabwa ndi thaulo lake, wina anawapatsa botolo la madzi, wina anawasendera lalanje lonse n'kuwaikira m'manja. Anakhala, anawongola mwendo wakumanja, n'kutsamira khoma lozizira. Benchiyo inali yolimba ndi yotsika kuposa mmene ankaganizira, koma sanamvepo kukoma kwa mpando ngati tsiku limenelo. Tsidya lina la bwalo, mayi wa buledi uja anawakwezera botolo, iwo n'kukweza lawo.

Pa benchi anaona zinthu zomwe sanazionepo. Anaona kuti mpira ukamabwera mwamphamvu a Chiwindi amatsinzina. Anaona kuti Namwino ali ndi luso lalikulu, kungoti nthawi zonse amakhala atatopa. Anamvanso kuti amuna a pa benchi, pakati pa kukuwa kuti "Menya!" ndi "Bwerera!", amakhala akukambirana za galimoto yovuta kulira ndi za denga lodontha.

M'bwalomo zinthu sizinayende. Mayi wa buledi atapuma mokwanira analowanso, adani anakhala asanu, a timu ya a Simbi anayi. Pamalo pomwe a Simbi amaima panali pululu, ndipo ophika buledi anapaona msanga. Chigoli choyamba chinalowa, chachiwiri chinatsatira. Mmodzi wa amuna a pa benchi anadzuka kuti alowe, a Makiyi anangomuwonetsa chala, iye n'kukhalanso. Kwa nthawi yoyamba amuna a timuyi anayamba kuthamanga chobwerera kukatchinga, ndipo nkhope zawo zinaonetsa kuti ntchitoyo sanali kuidziwa. Chachitatu chitalowa, a Mipope anafika m'mbali mwa mzere ali wefuwefu, manja ali m'mawondo.

"Alamu, mwapumako?"

"Ndangoyamba kumene," anatero a Simbi akuika kachidutswa ka lalanje m'kamwa.

M'chigawo chachiwiri analowa mphindi zisanu kuti Namwino akhaleko. Namwinoyo anachita kugona chagada pa benchi, amuna n'kuimirira kumupatsa malo. Kenako anasinthananso. Mpira unatha ophika buledi atamwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri, timu ya a Simbi ziwiri. A Simbi anawomba m'manja kuposa opambanawo, ndipo sanachite nazo manyazi.

Anthu anayamba kutuluka awiriawiri. A Makiyi anali kukoka magolo kuwapititsa kukhoma, dzuwa lamadzulo likulowera m'mazenera a m'mwamba aja. A Simbi anawerama kuti amasule nsapato, koma bondo linali litauma chifukwa chokhala, ndipo dzanja silinafike. Anayesanso, n'kulekera panjira. A Mipope, omwe anali kuphwetsa mpira chapafupi, anabwera n'kukhala pambali pawo. Analankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, zaka khumi ndi chimodzi. Ife tili pano kudya malalanje."

"Ndaona kuti ndi okoma."

"Musaseke, ine zandipweteka. Bondolo bwanji simunanene?"

A Simbi anayang'ana golo lomwe a Makiyi anali kukoka. "Ndimaopa kuti timu ya achimwene anu ifera m'manja mwanga."

A Mipope maso anali atafiira, ndipo sanayese kubisa.

"Achimwene akanakhalapo, ndikanawakokera pa pepala lija ndi khutu. Loweruka mubwere, alamu. Mudzasewere khumi zanuzo. Zotsalazo tidzathamanga ndife, tigonje tigonje."

Atatero anatsika pa benchi, anagwada pa thabwa mmene amagwadira pansi pa sinki ya kasitomala, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato yakumanja ndi zala zawo zikuluzikulu zija. Anaivula mosamala, atagwira chidendene kuti bondo lisagwedezeke, n'kuiika pambali. A Simbi anafuna kukana, poti n'zochititsa manyazi kuvulidwa nsapato ndi mlamu. Koma anamva kuti mphamvu zokanira chithandizo zawathera, ndipo sanazifunenso. Anatsamira khoma, anatseka maso, n'kutambasula mwendo winawo.

"Inayinso, alamu."